Botolo la chaka changa

Ku Lusangazi mphesa zinatikana.
Agogo aamuna, Yotamu Chavula, anabzala mizere isanu,
timitengo topempha kwa m'bulazala wa ku Italiya
amene ankamuphikira ku mishoni,
koma nkhungu ya Mzuzu inazinyambita mpaka kuola.
Inatsala mitengo iwiri yoyanga padenga la bafa,
yobala tizipatso tonga maso a nkhuku.
Agogo anangoti, vinyo safunsa dzina la amake,
natembenukira ku mapichesi.

Kuyambira apo nyumba yathu inkanunkha Disembala chaka chonse.
Ena anakulira kumunda, ine ndinakulira kuseri kwa migolo,
m'chipinda chokumba m'phiri, chopanda zenera,
momwe ada ankalowa atavula nsapato.
Khala chete, Nyachavula, ankatero,
mgolo ukulankhula.
Ndinkagunditsa khutu pathabwa lozizira
n'kumva phuu, phuu,
ngati khanda lopuma kumsana.

Sabata zitatu kuwira.
Kusefa pansalu yoyera imene amama sankaloledwa kuchapira sopo.
Kenako kudikira,
ntchito imene inkathawitsa aganyu onse.

Ada ankalemba zonse m'kope la chikuto chofiira:
tsiku lothyola, makilo a shuga, mvumbi wa masiku angati,
ndani wamwalira, ndani wabwereka wilibala osabweza.
Chaka chimene ndinabadwa anamata botolo limodzi ndi phula la njuchi,
nalemba dzina langa papepala, Tafwachi,
nati lidzatsekulidwe pa ukwati wanga.
Ukwatiwo unasochera penapake pa msewu wa ku Ekwendeni.
Botolo linakhala, fumbi likuvala fumbi.

Lero ada agona pafupi ndi agogo, kunsi kwa mapichesi okalamba,
ndipo mlongo wanga Vitumbiko wabwera kuchoka ku Joni
ndi bambo wina wa nsapato zosongoka
amene wayenda malo onse ndi mapazi, akuwerenga,
akuona kale zipinda khumi ndi ziwiri zogona alendo
pomwe ine ndikuona mitengo yofunika kudulira.
Ndani akumwabe za mapichesi? watero Vitumbiko.
Achinyamata akufuna za m'mashopu, zamapepala owala.
Sananame.
Mwezi watha ndagulitsa mabotolo naini,
atatu pangongole.

Usiku mvula ikuwaza pamalata
ndatsika ndi tochi, ndalitenga.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi.
Phula lasweka ngati chikhadabo.
Tathira m'makapu a tiyi, awiri,
mtundu wake ngati madzi a Lunyangwa mvula itagwa kumtunda.
Vitumbiko wayamba ndiye.
Nkhope yake yakwinyika, watsokomola, walavulira pakhomo.
Viniga!
Viniga weniweni, wotsukira mabala.

Taseka mpaka kugwira m'mimba,
kuseka kumene sitinaseke pamaliro,
ndipo ndatsekula kope kufuna tsamba la chaka changa.
Dzanja la ada, lopendekera kumanzere:
Mvula yachuluka. Zipatso zamadzi. Shuga wasowa m'tauni monse.
Mwana wabadwa Lachinayi, wamkazi.
Vinyoyu sindikumukhulupirira
koma ndilibe wina womusungira.

Vitumbiko wawerenga kawiri.
Watembenuza masamba kufuna chaka chake,
wapeza mzere umodzi: matalala, sitinathyole kanthu.
Wakhala nthawi yaitali chala chili pamzerewo.

Za malo sitinagwirizane.
Iye ali ndi ana atatu ndi lendi ya kwa eni,
ine ndili ndi migolo isanu ndi umodzi, iwiri yodontha.
Bambo wa nsapato zosongoka aimbanso Lolemba.

Koma m'mawa uno nkhungu isanachoke pa Kaning'ina
ndamva makwerero akukhuta patsinde,
ndipo posuzumira ndaona mlongo wanga m'mwamba,
atavala jekete la ada lothina m'mapewa,
akufinya pichesi ndi chala chachikulu, pafupi ndi phesi,
monga tinaphunzitsidwira,
akundifuulira kuti ndibweretse dengu,
kuti awa sadikira Lolemba.

Viniga uja ndathira pa kabichi.
Wakoma.